Maweji Atsopano a Achemwali

Achemwali anga aakulu amagulitsa matilesi. Sitolo yawo ili pamsewu wotsikira kusiteji ya mabasi, pakati pa wodula makiyi ndi wokonza mawotchi, ndipo ndi yaitali ngati khonde la chipatala. Kutsogolo kuli khomo lalikulu lokhala lotsegula tsiku lonse, pakati pali chipilala, ndipo matilesi ali mizere iwiri mpaka kumapeto, ena ogoneka, ena otsamiritsa kukhoma. Ine malo anga ndi pakona yakumapetoko, pamene ndimasoka mapilokesi ndi nsalu zoyala pabedi. Mumsewu wathu achemwali amangotchedwa Amatilesi, ndipo akaitanidwa choncho amatembenuka.

Ndi munthu wamfupi, wojintcha, wa mawu oti ngakhale utseke makutu amapeza polowera. Anayamba ndi mapilo apamutu, kuzungulira nawo mabasi, ine ndikadali pasukulu. Munthu akalowa m'sitolo amangomuyang'ana kayendedwe, n'kumuuza pamene msana ukumupweteka iye asanatsegule pakamwa. Chibadwire sindinamvepo wina akuwauza kuti alakwitsa. Si kuti salakwitsa ayi, koma mpata wonenera ndi umene umasowa.

Amuna awo, alamu anga, ankawerenga mamita a madzi. Atapuma pantchito anati azithandiza pasitolo, ndipo thandizo lawo ndi kugona pa matilesi apakhomo kuyambira tikangodya mpaka dzuwa litapendeka. Achemwali sawadzutsa. Amati odutsa akaona munthu akuliza mkonono pakati pa phokoso la mabasi amadziwa okha kuti katundu wathu ndi wabwino.

Zosewera gofu zinabwera ndi adokotala. Magazi atayamba kuthamanga, achemwali anauzidwa kuti aziyenda pansi tsiku lililonse. Anakana, ati munthu woyenda wopanda kopita ndi wakuba kapena wamisala. Koma tsiku lina atakasiya matilesi kuzipinda za alendo za ku kalabu ya gofu, anaona azimayi anzawo akuyenda pakapinga, aliyense akulondola kampira koyera. Uku ndiye kunali kuyenda kokhala ndi chifukwa. Pobwerako anali atagula chikwama chakale cha ndodo za gofu kwa mayi wina amene mawondo anali atamukana.

M'chikwamamo munali ndodo imodzi yaifupi, ya mutu wopendekera chagada, imene osewera amaitcha weji. Ntchito yake ndi ya pamene mpira watsala pang'ono kufika: kuunyamula, kuudumphitsa mchenga kapena udzu, kuti ukagwe pafupi ndi kabowo n'kuima pomwepo. Weji ya achemwali inali yadzimbiri, timizere ta pankhope pake titafufutika, yosalala ngati supuni ya tiyi, ndipo dzina lake linakhala Supuni. Ndi ndodo zazitali achemwali anali munthu wamba, mpira unkapita kumanja, kumanzere, nthawi zina kukacheza m'mipanda ya anthu. Koma akagwira Supuni, azimayi a ku kalabu ankayang'ana kumbali. Mpira unkakwera pang'onopang'ono n'kukatera ngati dzira loikidwa ndi dzanja. Kwa zaka ndithu anakhala akuwadya anzawo Loweruka lililonse ndi chitsulo chimene wina aliyense akanamatokosera makala.

Chimene chinaononga zinthu ndi chikondi. Mwana wawo wamkazi, amene amagwira ntchito kutali, anaona chithunzi cha mayi ake atanyamula chikho kudzanja lina, Supuni kudzanja lina, ndipo anachita manyazi. Anatumiza bokosi lalitali la maweji atatu atsopano, onyezimira moti ine ndinadzionerapo imvi. Pafoni anauza bambo ake kuti chitsulo chakalecho chichoke m'nyumba, chifukwa mayi ake amawadziwa: chikakhalapo, atsopanowo adzangokhala okongoletsa chikwama. Alamu, amene moyo wawo wonse sanachitepo chinthu tsiku lomwe auzidwa, tsiku limenelo anachita. Ogula zitsulo zakale anadutsa ndi ngolo yawo m'mawa womwewo, ndipo Supuni anapita limodzi ndi mbaula yobooka ndi chishalo cha njinga.

Achemwali anatsatira mpaka kumene amaunjika zitsulo. Anapeza phiri la dzimbiri ndi mlonda amene anawauza kuti galimoto yatenga kale katundu kupita kokasungunula. Anabwerako chimanjamanja. Kuyambira pamenepo mawu opita kwa alamu ankadzera mwa ine, ngakhale onse awiri atakhala pa matilesi amodzi. Achemwali ankati ndiwauze alamu anga kuti tiyi wapsa. Alamu ankati ndiwauze achemwali anga kuti zikomo.

Loweruka loyamba ndinapita nawo, ati ndikaone zimene mwana wathu watumiza. Mpira utafika pafupi ndi kabowo koyamba, achemwali anasolola weji imodzi yonyezimira, anaima monga mwa masiku onse, n'kumenya. Chimene chinauluka ndi chigamba cha kapinga chachikulu ngati chopondera pakhomo. Chinakagwa patsogolo, mpira uli pomwepo, utangosendera ngati wapatsa mlendo malo. Anayesanso. Ulendo uno, poopa kulima, anaweramuka msanga, mphepete ya weji n'kuumenya mpira pamimba. Unathamanga chapansipansi ngati mwala wa legeni, kudutsa kabowo, kudutsa mchenga, mpaka kukagunda thanki ya madzi kuseri kwa khitchini ya kalabu. Thankiyo inalira ngati belu, ophika n'kutuluka kudzafunsa ngati nthawi yakwana.

Amene ankasewera nawo tsiku limenelo anali mayi wa ku famase, wogulitsa mankhwala, mnzawo wapamtima, amene zaka zonsezi ankagonja kwa Supuni. Anawagwira paphewa n'kuwauza kuti asadandaule, ukalamba umabwera chonchi, umayambira m'manja. Ponena zimenezi nkhope yake inkawala ngati maweji aja.

Ku kalabu kuli mphunzitsi wa gofu, bambo wodekha, wa ana ake. Anawayang'ana achemwali akumenya kangapo, n'kuwafotokozera mwaulemu kuti vuto si ndodo. Anati iwo amafuna kuuthandiza mpira kukwera, ndiye amatsamira mwendo wakumanja ngati akutunga madzi m'ndowa. Supuni anali wobuntha, ankangotsetsereka pansi n'kuwakhululukira, koma atsopanowa ndi akuthwa, sakhululuka. Aziika thupi pamwendo wakumanzere, azimenya chotsitsa, zokweza mpira azisiyira ndodo. Achemwali anamumvetsera mpaka kumapeto. Tili m'galimoto anandiuza kuti munthu ameneyo mayi ake anadzagula kwa iwo matilesi okuta pulasitiki iye akukodzabe pogona, ndiye sangawaphunzitse kuima.

Uphungu wa mumsewu ndiye unabwera wosaitanidwa. Wokonza mawotchi anati vuto ndi kufulumira, aziyamba awerenga chamumtima. Kondakitala wina, amene gofu anangomuonapo pakanema, anati azitseka diso limodzi. Alamu, kudzera mwa ine, anati mwina ayese kumenyera mbali inayo ya ndodo. Achemwali anayesa zonse kupatula za alamu ndi za mphunzitsi, ndipo ndi diso limodzi anaswa mphika wa maluwa wa aneba.

Kenaka anaganiza okha kuti vuto ndi unyamata wa maweji, n'kuyamba kuwakalambitsa. Anawagoneka panja mvula ikugwa. Anawaviika m'ndowa ya madzi amchere. Anawakwecha pasimenti ya pakhonde. Anapempha wodula makiyi kuti awapale pang'ono, koma iye atawagwira anati dzanja lake likukana kuononga chinthu chokongola chotere. Maweji ankatuluka m'mazunzo onsewa akuwala kuposa kale. Mwana akaimba foni kufunsa mmene akuyendera, achemwali ankati ndi abwino zedi, anzawo onse akuchita nsanje, kenaka n'kudula foni ndi kuwayang'ana alamu mpaka alamu atatembenukira kukhoma.

Ndiye anaganiza zomaphunzirira m'sitolo momwemo, masana pamene ogula amachepa. Maganizo ake sanali oipa, chifukwa pamalo odzaza matilesi mpira ukagwa suthawa. Anayala kachidutswa ka kapeti pafupi ndi makina anga, n'kuthira timipira m'beseni. Koma kuti mpira ugwe pamatilesi umayamba wakwera, ndipo wa achemwali sunkakwera. M'masiku oyambirira tinataya wotchi ya pakhoma, mababu, ketulo, ndi chithunzi cha ukwati wawo, chimene alamu mpaka lero amakhulupirira kuti chinali chadala. Kapeti inang'ambika, matailosi a pansi pake anasweka. Mipira ina inkagunda chipilala n'kubwerera kwa ife, moti ine ndinatsamiritsa matilesi aakulu kutsogolo kwa makina n'kumasoka ngati mbewa kuuna. Alamu sanasiye malo awo apakhomo, koma anabwereka chipewa cholimba cha panjinga yamoto, ndipo odutsa ankaima kuonerera munthu wogona chagada atavala ngati ali paulendo.

Tsiku lina kunalowa banja longokwatirana kumene, ndipo anayamba kukangana asanamalize moni. Mwamuna ankafuna matilesi olimba, mkazi ofewa. Anakokana mpaka kufika pankhani ya apongozi ndi ya mbale zosatsuka. Achemwali atatopa nawo anawasiya n'kubwerera pakapeti yawo. Anamenya, mpira unagunda chipilala, unakwera kudenga, unagunda fani, n'kutsika phii pa matilesi ena apakatikati amene palibe anali atawayang'ana. Awiriwo anauyang'ana mpirawo. Kenaka mkazi anati, "Tingotenga amenewo." Mwamuna anavomera msanga, mwina poopa mpira wachiwiri.

Miyezi inadutsa, maweji osasintha khalidwe. Banja lija linabweranso, mkazi mimba ili patsogolo, kudzathokoza. Ati chigulire matilesi aja sanakanganepo, ndipo kuchipatala awauza kuti ndi mapasa. Nkhaniyi anaifotokozera pakhomo, mokweza, basi ikutsitsa anthu.

Mawa lake panafika anthu akuti abwera kwa mpira. Achemwali anawathamangitsa, koma anthu akamva kuti chinthu chikukanizidwa ndi pamene amabwera ndi abale awo. Posakhalitsa masana aliwonse pakhonde pankakhala mzere: a msana, osowa tulo, mabanja ofuna mwana, ndi ena ongofuna kuona. Lamulo analipanga okha. Wogula aime kumbuyo kwa achemwali, anene vuto lake, achemwali amenye, ndipo pamene mpira waima ndi pomwepo. Zimene achemwali anaphunzira zaka zonse zoyang'ana misana ya anthu palibe ankazifunanso.

Mpira sunkasankha mwanzeru. Bambo wina wamtali ngati mlongoti, wapolisi wopuma pantchito, unamugwera pa kamatilesi ka mwana wakhanda. Anakagula, ndipo anadzatiuza kuti amagonapo mutu ndi mapewa okha, kwinaku pasimenti, koma maloto oipa anasiya. Tsiku lina mpira unatuluka pakhomo, unawoloka msewu pakati pa mabasi awiri, n'kukalowa m'sitolo ya mipando ya tsidya lina, kumene amagulitsanso matilesi. Banja lonse linawoloka kuutsatira, linakagula komweko, ndipo mwini sitoloyo anatumiza mpirawo uli m'mbale pamodzi ndi moni. Tsiku linanso unakatera pamimba pa alamu. Wogula anali mayi wamasiye, wodzilemekeza, wa chikwama chakuda. Anawayang'ana alamu kuyambira kuchipewa mpaka kumapazi, n'kufunsa motsitsa mawu ngati awa nawonso amakasiyidwa ndi galimoto ya sitolo. Achemwali anayamba aganiza asanayankhe, ndipo alamu amati kuganizako kunatalika.

Abusa a tchalitchi cha mumsewu womwewo anabwera kudzaona ngati si zamizimu. Anaima pafupi ndi chipilala, manja kumbuyo. Achemwali anawachenjeza kuti pamenepo si pabwino, iwo anati saopa kanthu. Mpira unawapeza pamsongolo. Anakhala pansi pa matilesi oyandikira, anapuma kwa kanthawi, kenaka anati ndi ofewa bwino, awakulungire. Lamlungu lake, ndinamva, analalikira za kudzichepetsa.

Katundu ankatha. Galimoto yobweretsa inkabwera pafupipafupi, ine mapilokesi ndinkasoka mpaka chala kutupa, alamu anayamba kuyenda motukula chifuwa ngati zonsezi anazikonza ndi iwo potaya Supuni. Achemwali okha ndi amene ankaonda. Mpira ukalakwika kwambiri ndi pamene anthu ankaombera m'manja kwambiri. Ku kalabu anayamba kujomba, akumati pasitolo pachuluka ntchito, koma chifukwa chenicheni chinali mayi wa ku famase, amene tsopano ankawadya Loweruka lililonse n'kumawabweretsera mavitamini a okalamba mwaulere.

Tsiku lina titatseka, ndikusesa ulusi, ndinawapeza atakhala pamphepete pa bedi lachionetsero, weji ili pamiyendo. Ndinawauza kuti sindikuona chodandaulitsa, bizinesi sinayendepo chonchi.

"Iwe sukudziwa," anatero. "Anthu aja amaombera m'manja manyazi anga."

Ndinati ndi kampira chabe.

"Ukaumenya bwino pamamveka kaphokoso kenakake, kakang'ono, ngati wathyola kamtengo kouma. M'manja sumva kanthu. Ukamakwera ine ndimaiwala magazi, ndimaiwala sitolo, ndimaiwala alamu akowo. Moyo wanga wonse ndakhala ndikusenza zinthu. Chokhacho ndi chimene chinkanyamuka chokha."

Ndinapitiriza kusesa.

Patapita masiku, amuna awiri obweretsa katundu ankatsitsa bedi lachitsulo, achemwali akuwalondolera monga amachitira, akuwauza kuti kunyamula sakudziwa. Mwendo wa bedi unatera pachala chawo chachikulu chakumanja. Kuchipatala anati fupa lang'aluka. Anamanga bandeji yaikulu ngati kabichi, n'kuwauza kuti asapondere phazilo ndipo akagone. Mawa lake anali pasitolo, phazi lina munsapato, lina musilipasi ya alamu.

Pakhonde panali mzere monga mwa masiku onse, ndipo woyamba anali dalaivala wa basi wodandaula chiuno. Ndinawauza achemwali kuti abweze anthu, anakana. Anadumphadumpha mpaka pakapeti n'kuima. Phazi lakumanja silikanatheka kulipondera, ndiye thupi lonse linali pamwendo wakumanzere, linalo litangokhudza pansi. Anayang'ana matilesi olimba a mzere wakumanzere, amene mwachizolowezi anali ataona kale kuti ndi oyenera chiuno cha dalaivala, n'kumenya mosaikirapo mtima.

Phokoso lake ndinalimva ngakhale ndinali kuseri kwa matilesi anga. Linali laling'ono, louma. Nditasuzumira ndinaona mpira ukukwera pang'onopang'ono, kudutsa pansi pa fani, n'kukagona pakati penipeni pa matilesi aja.

Achemwali anaimanso pamwendo womwewo. Anakoka mpira wina ndi mutu wa weji, anamenya, unakagona pambali pa mnzake. Wina chimodzimodzi. Anasintha weji, anatenga imene chibwerere inali isanachitepo chabwino, zomwezo. Anamaliza beseni lonse osayang'ana munthu, misozi ikutsika koma mapewa akugwedezeka ndi phwete, mipira itaunjikana pa matilesi amodzi ngati mazira m'chisa. Dalaivala anadikira mpaka kumapeto n'kufunsa mwamantha ngati zikutanthauza kuti agule matilesi ochuluka chomwecho. Achemwali anapukuta m'maso, anati amodzi akwana, kenaka anatembenukira kukhomo.

"Abambo ake, tandithandizeni kutola mipirayo."

Alamu anayang'ana kwa ine, kudikira kuti ndiwauze. Atazindikira kuti mawuwo abwera okha, osadzera mwa munthu, anadzuka n'kutola, chipewa chikuwagwera m'maso.

Anthu sanachedwe kuona kuti achemwali akayang'ana matilesi, mpira umapita komweko. Wina ananong'ona kuti si mpira ukusankha, ndi mayiwa. Wina anati mpira wagulidwa. Achemwali anavomera mosangalala kuti inde, akusankha ndi iwo, ndipo akusankha bwino, monga ankachitira kale anthu asanabwere ndi zamisala zawozi. Palibe anakondwa nazo. Mayi wina anati ngati n'zongouzidwa ndi wogulitsa, ndiye sitolo iliyonse n'chimodzimodzi. Mzere unayamba kufupika.

Alamu, amene anali atazolowera ulemu wa mumsewu, anapempha achemwali kuti aziphonyako dala, mwa apo ndi apo, chifukwa cha ana. Achemwali anawafunsa kuti ana ake ati, popeza mwana ndi mmodzi ndipo ndi amene anayambitsa zonsezi. Ndiye tsiku lina achemwali ali kuchipatala kokasinthitsa bandeji, alamu anavula chipewa, anatenga weji, n'kulengeza kwa anthu ochepa amene analipo kuti lero amenya ndi iwo. Anazunguza mwamphamvu, weji inadutsa pamwamba pa mpira osaukhudza. Anabwereza kangapo, thukuta lili kamukamu, mpira uli phee. Anthu anayang'anana. Mkulu wina anati mpira wakana, ndipo mpira ukakana si bwino kuukakamiza. Ananyamula ndodo yake yoyendera, enawo n'kumutsatira. Kuyambira pamenepo pakhonde panatsala wodula makiyi yekha, amene anati wapuma chifukwa mzere uja unkamutsekera khomo.

Achemwali zimenezi sizinawakhudze. Nkhawa yawo inali chala, chimene chinayamba kupola. Tsiku limene anaponda osamva kuwawa, thupi linabwerera kumanja palokha, weji n'kulimanso kapeti. Anapita kwa adokotala kukafunsa ngati pali njira yoti chala chizipwetekako pang'ono, Loweruka lokha. Adokotala anawayang'ana pamwamba pa magalasi, anawayeza magazi, n'kufunsa ngati kunyumba zonse zili bwino. Anaganizapo zopempha amuna obweretsa katundu aja kuti abwereze, koma iwo akangowaona ankaika bedi pansi n'kubwerera m'mbuyo.

Mankhwala anachokera m'kabokosi kanga ka mabatani. Achemwali anandiuza kuti ndisokerere batani mkati mwa sokosi, pansi pa chidendene chakumanja. Tinayesa angapo. La shati silinkamveka. La chikhoti linawatulutsa mawu amene sindingawabwereze. La thalauza linakhala bwino: akaima pamwendo wakumanzere silinena kanthu, akangotsamira kumanja limawakumbutsa. Poyenda amatsimphina pang'ono, koma anati zimenezo n'zazing'ono, ndipo anthu amawapatsa njira.

Atabwerera ku kalabu, choyamba anapita kwa mphunzitsi uja. Anamuuza kuti atulukira chinsinsi chimene angathe kumagawira ophunzira ake: munthu aziika thupi pamwendo wakumanzere, azimenya chotsitsa, zokweza mpira azisiyira ndodo. Mphunzitsi anayang'ana pansi kwa kanthawi, kenaka anathokoza kwambiri, ati azikumbukira.

Mpikisano wa azimayi wa chaka chimenecho sanapambane. Ndodo zazitali zinali zikadali ndi khalidwe lake lakale, mpira wina unalowa m'dziwe, wina m'maluwa a pageti. Koma pafupi ndi kabowo maweji anachita zimene Supuni sanachitepo. Timizere tawo takuthwa tinkaugwira mpira moti ukatera unkaluma kapinga n'kuima, nthawi zina kubwerera m'mbuyo pang'ono ngati waiwala kanthu. Anamaliza pamwamba pa mayi wa ku famase, ndipo kwa iwo chikho chinali chimenecho.

Mayi wa ku famase anakadandaula kukomiti kuti mnzake akusewera ndi chipangizo chobisika. Komiti inakhala m'chipinda chodyera, azimayi ndi abambo a ulemu wawo, achemwali n'kuvula nsapato pamaso pawo. Sokosi inazungulira tebulo, aliyense akuigwira ndi nsonga za zala. Anasanthula malamulo, anapeza za ndodo, za mipira, za madzi a mvula, koma za batani sanapeze. Wapampando, bambo wa ndevu zoyera amene njala inali itamugwira, anagamula kuti chinthu chopweteka mwini wake sichingatchedwe thandizo, ndipo sokosi ichoke patebulo chakudya chisanafike.

Sitolo inabwerera mwakale. Anthu amalowa, achemwali amawayang'ana kayendedwe n'kuwauza pogona, ena amamvera, ena ayi. Kwa ine ndiye kunabwera ntchito imene sindinaipemphe. Azimayi a ku kalabu anayamba kufika mmodzimmodzi, kudzera kukhomo lakumbuyo, masokosi ali m'chikwama. Wina wamanzere anabweranso akudandaula kuti chivalire batani akungogwa chagada. Ndinamuuza kuti sokosiyo ayivale kuphazi linalo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kupita akuuza anzake kuti mutu wa banja lathu ndi ine.

Womaliza kubwera anali mayi wa ku famase. Anafika achemwali atatuluka, atavala magalasi akuda, n'kundilumbiritsa kuti ndisanene. Ndinamuonetsa batani la thalauza, iye anati safuna zofanana ndi za munthu wina, akufuna lalikulu kuti zigwire msanga. Ndinamuchenjeza, anaumirira, ndinamusokera la chikhoti.

Loweruka limenelo sanafike patali. Masewera asanafike pakati anali atakhala pansi pa mtengo, nsapato ili m'manja, akunena kuti waponda minga. Achemwali anasiya mpira wawo pakapinga, anamukoleka dzanja paphewa, awiriwo n'kutsimphina limodzi mpaka kugalimoto, onse mwendo umodzimodzi. Anakamusiya kunyumba kwake, anamutenthetsera madzi, anamuviika phazi m'beseni. Sokosi inali pampando, batani lili poyera, koma za imeneyo sanafunse. Anangodandaula kuti minga chaka chino yachuluka pabwalopo, ndipo mayi wa ku famase anavomereza kuti komiti iyenera kuchitapo kanthu.

Lolemba m'mawa achemwali atalowa m'sitolo anaima pamakina anga, anatsegula kabokosi ka mabatani, anasankha limodzi la thalauza n'kulikulunga m'kansalu. Anati ndikamapita kogula ulusi ndidzere ku famase, ndikangolisiya pakauntala, ndipo ndisanene kumene lachokera.